Mitengo ikufunanji m'phunziro la Chingerezi?

Makolo ena akamva kuti ife ophunzitsa aphunzitsi timalowetsa zachilengedwe m'phunziro la Chingerezi, amadandaula. Amati, wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ndiye mukuwatayitsiranji nthawi ana ndi nkhani za mitengo? Nkhawayo ndi yomveka. Koma chiyankhulo sichiphunzirika popanda chokamba, ndipo mwana amamasuka pakamwa akamakamba zomwe waona ndi maso ake.

Ku koleji ndimauza ophunzira anga kuti alembe chikonzekero cha phunziro la nthawi yakale ya aneni, la Sitandade 7. Ambiri amabwera ndi ziganizo zotola m'buku, zopanda mwini. Ndimawabweza. Mwana wa ku Ndirande atumidwe kwa agogo ake akafunse mmene phiri la Ndirande linalili kale, amene ankatema mitengo, ndi komwe madzi ankatungidwa. Mawa lake afotokoze m'Chingerezi. Nkhani yotereyi siyenda popanda nthawi yakale, choncho galamala imabwera yokha. Wa ku Kachulu ali ndi yake: Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, ndipo akuluakulu akukumbuka komwe asodzi analowera.

Pamene aphunzitsi atsopano amaterereka ndi apa. Phunziro limasanduka ulaliki, mphindi zonse n'kuthera pa "musadule mitengo," ana ali duu. Ndikayang'ana chikonzekero, ndimayamba ndi zizindikiro za kakhonzedwe. Ngati sizikunena kuti mwana alemba, awerenga kapena ayankhula chiyani, limenelo si phunziro la Chingerezi. Komanso m'kalasimo muli ana amene yunifolomu yawo inagulidwa ndi ndalama ya makala. Kuwachititsa manyazi n'kuwatseka pakamwa. Bola achite mtsutso: boma laletsa makala opanda chilolezo, nanga a m'tauni aphikire chiyani magetsi akazima? Mphunzitsi achonge kamangidwe ka ziganizo, mbali imene mwana wasankha ndi yake.

Za namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 ndimachenjeza ophunzira anga kuti aziyamba afufuza. Ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe kuli ana amene anataya abale awo m'matope aja, ndipo kuwauza kuti alembe chimangirizo cha usiku umenewo si chinthu chongodzukira.

Mabuku, paja ndi ochepa, ana angapo buku limodzi. Nyuzipepala yakale imakwanira kuphunzitsira kumvetsa nkhani, ndipo kalata yantchito ikhoza kupita kwa a mfumu, yopempha malo odzalapo mitengo mvula ikayamba.