Kontrakiti ya katswiri mmodzi imaonongekera pati?

Pa masamba a zidziwitso m'nyuzipepala zathu simulephera kupeza unduna kapena polojekiti ikufuna katswiri mmodzi: wowerengera ndalama, woona za chilengedwe, wodziwa za ulimi wothirira. Ambiri akaona chidziwitso chotere amangopukusa mutu n'kunena kuti ntchitoyo ili ndi mwini wake kale, enawa akungokwaniritsa mwambo. Ine ntchito yanga ndi yogulira boma katundu ndi ntchito, ndipo mafayilo a akatswiri oterewa amadutsa patebulo panga asanapite ku komiti. Sindinganene kuti odandaulawo amanama nthawi zonse. Koma iwo amaloza chala pa tsiku losankha munthu, pomwe chinyengo, chikakhalapo, chimakhala chitalowa kale chidziwitso chisanatuluke, kapena chimadikira mpaka nthawi yowonjezera kontrakiti.

Pogula simenti kapena madesiki, ogulitsa amapikisana pa mtengo, ndipo manambala amaonekera kwa aliyense. Polemba kampani ya akatswiri, kampaniyo imabweretsa ndondomeko ya mmene idzagwirire ntchito pamodzi ndi mtengo wake. Katswiri wolembedwa payekha sapemphedwa zonsezi. Timayang'ana maphunziro ake ndi ntchito zomwe wagwirapo, monga zalembedwera mu CV, n'kusankha woposa anzake, kenako n'kukhala naye pansi kukambirana malipiro. Tikalephera kugwirizana, timaitana wachiwiri. Malamulo a World Bank, omwe mapolojekiti akuluakulu kuno monga ya Shire Valley Transformation Programme amatsata, amalola njira imeneyi pamene ntchitoyo sifuna gulu la anthu, sifuna kampani yomuthandiza munthuyo kumbuyo, ndiponso pamene chofunika kwambiri ndi luso la munthu mwiniyo. Choncho palibe mtengo wotsika wotiteteza pano. Chotiteteza ndi zomwe tinalemba tisanadziwe dzina la munthu.

Chikalata chofotokoza ntchito, chomwe m'maofesi timachitchula kuti TOR, ndicho ndimawerenga koyamba komanso mofatsa kuposa china chilichonse. Chabwino chimanena vuto lomwe likufunika kuthetsedwa, zomwe katswiriyo adzapereke, tsiku lodzaperekera, ndi munthu amene adzalandire ntchitoyo n'kuivomereza. Choipa chimadziwika msanga. Ntchito ndi yolemba buku lophunzitsira makomiti a m'midzi, koma chikalatacho chikufuna munthu wa digiri yachiwiri ya phunziro limodzi lenileni, amene wagwira ntchito zaka 12, osati 10, amene anagwirapo m'boma lomwelo, komanso amene anapangapo kosi inayake yomwe anthu owerengeka okha ndiwo anapita. Pamenepo telala anayamba wamuyeza munthu wake asanadule nsalu. Oyesa ma CV angakhale anthu oona mtima kotheratu, koma adzafika pa dzina lomwe wolemba chikalatacho ankafuna. Ndikapeza zotere ndimabweza fayilo ndi funso limodzi pa mfundo iliyonse: ntchito imeneyi ingalephereke bwanji munthu atakhala wopanda ichi? Mfundo yomwe yasowa yankho imachotsedwa.

Njira zopezera munthu zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulengeza poyera. Yachiwiri ndi kuitana anthu angapo omwe bungwe likuwadziwa kuti ntchitoyo amaitha, n'kuwayerekeza. Malangizo a World Bank a 2011 ankati akhale osachepera atatu, ndipo ambiri mwa ife timagwirabe nambala imeneyi. Yachitatu ndi kusankha munthu mmodzi popanda mpikisano. Malamulo omwe bankiyi inayamba kugwiritsa ntchito mu July 2016 amalola zimenezi ngati ntchitoyo ikupitiriza ina yomwe munthuyo anaipeza popikisana, ngati ntchito yonse sifika miyezi 6, ngati pagwa zadzidzidzi, kapena ngati munthuyo ali ndi luso lapadera kwambiri pa ntchitoyo. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Madzi akasefukira ku Nsanje simungadikire chidziwitso cha m'nyuzipepala. Koma khomo la miyezi 6 ndilo anthu amakonda kulowerapo molakwika: ntchito ya miyezi 10 amaidula pawiri, miyezi 5 uku, miyezi 5 uko, munthu wake yemweyo. Kudula ntchito pofuna kuzemba mpikisano n'koletsedwa, ndipo woona fayilo amene sayang'ana makontrakiti akale a munthuyo sangakugwire.

Za njira yachiwiriyo ndiwonjezepo pang'ono. Ma CV atatu m'fayilo sindiwo umboni wa mpikisano. Ndimafuna kuona kalata kapena imelo yosonyeza kuti aliyense mwa atatuwo anafunsidwa, akudziwa za ntchitoyo, ndipo ali ndi mpata woigwira. Pali ma CV omwe amayendayenda m'mafayilo eni ake osadziwa n'komwe, ntchito yawo kungoperekeza wosankhidwa kale.

Nanga amavomereza ndani? Kuno kwathu lamulo la 2003 linakhazikitsa ofesi ya ODPP yoyang'anira zogula za boma, ndipo la 2017 linabweretsa bungwe la PPDA m'malo mwake. Mfundo yaikulu sinasinthe: wofuna ntchito, woyesa ma CV, wovomereza ndi wolipira asakhale munthu mmodzi. Nthambi yofuna katswiri imalemba TOR. Nthambi yogula zinthu imayendetsa ndondomeko. Kagulu koyesa kamapereka mamalikisi, aliyense atasainira kuti palibe mbale wake kapena mnzake wa bizinesi pakati pa ofunsira. Komiti ya mkati mwa bungwe, ya IPDC, imavomereza kapena kukana, ndipo ndalama zikadutsa malire omwe anaikidwa, fayilo imapita ku PPDA kontrakiti isanasainidwe. Nkhani ya Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa zomwe zimachitika ngati ndalama ikutuluka popanda wina wofunsa kuti ntchito yake ili kuti.

Ndalama zikakhala za World Bank pamabwera diso lina. Ntchito iliyonse iyenera kukhala m'ndondomeko ya zogula yomwe banki inavomereza, ndipo zonse zimalowetsedwa pa makina a pa intaneti otchedwa STEP. Makontrakiti akuluakulu banki imawaona asanasainidwe n'kupereka kalata yovomereza yotchedwa no objection. Kwa katswiri mmodzi, malire ake amayambira pa madola 200,000 pa polojekiti yomwe banki yaona kuti ili ndi chiopsezo chachikulu, kufika pa madola 500,000 pomwe chiopsezo n'chochepa. Apa pali chomwe anthu ambiri sadziwa. Makontrakiti ambiri a akatswiri apayekha safika ndalama zimenezo, choncho banki imawaona pambuyo, ntchito itayamba kapena itatha, ndiponso imangotapa ena, osati onse. Amene amati “mzungu wavomereza, ndiye zili bwino” akudzinamiza. Mlonda weniweni wa makontrakiti amenewa ndi komiti yathu yomwe ya muofesi. Banki ikadzapeza kuti malamulo anaphwanyidwa, ingathe kukana kulipira kontrakitiyo, ndipo ngongole imagwera boma, kutanthauza misonkho yanu ndi yanga.

Fayilo ikafika, ndimaiyala patebulo n'kutsata madeti ndi pensulo. Chidziwitso chinatuluka liti, chinatsekedwa liti, oyesa anakumana liti, komiti inakhala liti, kontrakiti inasainidwa liti, munthu anayamba liti ntchito. Madeti amenewa ayenera kutsatana. Mukapeza lipoti loyamba la katswiri lili ndi deti la March pomwe komiti inamuvomereza mu May, dziwani kuti munthuyo anayamba ntchito pa mawu apakamwa a bwana wina, ndipo komiti yangoitanidwa kudzadinda. Ndimayang'ananso mapepala a mamalikisi. Oyesa atatu akapereka manambala ofanana ndendende pa mfundo iliyonse, ndi cholembera chimodzi, sindikhulupirira kuti aliyense anayesa payekha. Ngati wosankhidwayo ndi wogwira ntchito m'boma, ndimafuna kudziwa ngati malamulo a ntchito yake akumulola, ndiponso ngati sakudzilemba ntchito yomwe ofesi yake yomwe inakonza.

Pomwe mtima wanga umawawa kwambiri ndi pa kuwonjezera kontrakiti. Mpikisano umachitika kamodzi, pa ntchito ya chaka chimodzi. Chaka chikatha pamabwera kapepala ka tsamba limodzi kopempha chaka china, malipiro atakwera. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Pa makontrakiti omwe banki imaona asanasainidwe, kusintha komwe kukukweza mtengo kupitirira 15 peresenti, kapena kusintha kwakukulu kwa ntchito, kumafuna chilolezo chatsopano. Koma pa ang'onoang'ono aja, ngati komiti sifunsa, palibe wofunsa. Pamapeto pake mumapeza katswiri amene wakhala pa desiki limodzi zaka zambiri, akugwira ntchito ya tsiku ndi tsiku ya unduna, akulandira kangapo kuposa mnzake wa boma amene akhala naye chipinda chimodzi. Mu TOR munalembedwa kuti adzaphunzitsa ogwira ntchito a unduna, koma palibe anaphunzitsidwa, ndipo polojekiti ikatseka nzeru zonse zimatuluka naye pakhomo pamodzi ndi laputopu. Kuwonjezera kontrakiti sikolakwa pakokha. Koma pempho lake libwere kontrakiti yakale isanathe, likhale ndi lipoti la mmene munthuyo wagwirira ntchito, linene chomwe chatsala, ndipo litchule mayina a anthu omwe awaphunzitsa.

Malipiro nawo ali ndi njira ziwiri. Pali kontrakiti yolipira pa zomwe munthu wapereka, monga gawo lina pa lipoti loyamba ndi lina pa lomaliza. Pali yolipira pa masiku omwe wagwira, yomwe imadalira pepala losainidwa ndi womuyang'anira. Pa yoyambayo, wina ayenera kuwerengadi lipotilo asanasainire. Lipoti la boma lina longosinthidwa mayina, dzina la mtsinje wa kwina litaiwalika pa tsamba lina, siliyenera kulipidwa. Komanso ndinene mbali inayo. Akatswiri ambiri ndi anthu olimbikira omwe amapereka ntchito yabwino pa nthawi yake, msonkho wa MRA n'kudulidwa, koma amadikira malipiro miyezi chifukwa palibe amene akufuna kusainira kuti walandira lipoti. Kumeneko n'kuphwanya kontrakiti chimodzimodzi, ndipo kumathamangitsa anthu aluso n'kusiya omwe amadziwa khomo lokagogoda.

Anzanga a m'nthambi zina amadandaula kuti ife a zogula timachedwetsa ntchito. Nthawi zina n'zoona, ndipo kontrakiti ya masabata atatu siyenera kuyenda ulendo wofanana ndi ya msewu. Koma mafayilo ambiri omwe amabwerera amabwerera chifukwa ntchito sinali m'ndondomeko ya zogula, ndalama zake sizinatsimikizidwe, kapena chifukwa chosankhira munthu mmodzi chalembedwa m'chiganizo chimodzi chakuti “ndi wodziwa ntchito”. Fayilo yokwanira sigona pa tebulo.

Inu amene mumafunsira ntchito zimenezi, musaleke poganiza kuti zonse zili ndi eni ake, chifukwa mukaleka ndiye kuti ma CV operekeza aja atsala okha. Mukaona mfundo ya mu TOR yomwe sikugwirizana ndi ntchito, lembani kalata yofunsa tsiku lotseka lisanafike. Mukapanda kusankhidwa, pemphani molemba kuti akuuzeni pomwe munaperewera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo kontrakiti yolipidwa ndi ndalama za anthu si chinsinsi cha muofesi. Kalata yanuyo imalowa m'fayilo, ndipo wodzaona fayiloyo pambuyo adzaipeza. Lembani, ndipo musunge kope lake.