Fumbi la asibesitosi limadwalitsa patapita zaka 30

M'zaka za m'ma 1950, mankhwala a chifuwa chachikulu atangoyamba kufika m'zipatala za ku South Africa, dokotala wina wa pachipatala cha West End mumzinda wa Kimberley anaona chinthu chomwe chinamusowetsa mtendere. Dzina lake linali Christopher Sleggs. Odwala ambiri ankabwera madzi atadzaza pachifuwa, akubanika, ataonda, ndipo onse ankalembedwa kuti ali ndi TB. Ochokera kum'mawa kwa mzindawo ankati akamwa mankhwala n'kuchira, n'kubwerera kwawo. Ena ochokera kumadzulo, chigawo cha Prieska ndi Kuruman, ankamwa mankhwala omwewo koma ankangomwalirabe. Kumadzuloko n'kumene kunali migodi ya asibesitosi wabuluu.

Mu 1960, Sleggs pamodzi ndi madokotala anzake, Chris Wagner ndi Paul Marchand, anafalitsa zimene anapeza atafufuza odwala 33. Matendawo sanali TB ayi. Inali khansa ya kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mapapo, yotchedwa mesothelioma, yomwe mpaka nthawi imeneyo madokotala ambiri anali asanaionepo. Mwa odwala 33 aja, 32 anali atapumako fumbi la asibesitosi. Choopsa kwambiri chinali chakuti ambiri a iwo sanalowepo mumgodi. Ena anangobadwira pafupi ndi migodiyo, ena ankasewera pamilu ya zotayidwa ali ana, zaka 30 kapena 40 m'mbuyomo.

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi, koma ukauphwanya umayoyoka tiulusi tofewa toti munthu atha kutiluka. Tiulusi timeneti sitipsa ndi moto, sitiola, sitichita dzimbiri ndiponso sitilola magetsi kudutsa. Mitundu yake yogulitsidwa kwambiri inali itatu: woyera, wotchedwa chrysotile, wabuluu, wotchedwa crocidolite, ndi wabulauni, wotchedwa amosite. Kum'mwera kwa Africa kuno itatu yonseyi inalipo. Wabuluu ankakumbidwa ku Northern Cape, wabulauni ku Penge m'chigawo chomwe lero ndi Limpopo, pomwe woyera ankachokera ku Havelock m'dziko la Eswatini ndiponso ku Zvishavane ndi Mashava m'dziko la Zimbabwe, komwe mgodi wa Shabanie unayamba ntchito mu 1916.

Chimene chinakweza mwala umenewu pamadenga a dziko lonse ndi nzeru za Ludwig Hatschek wa ku Austria, yemwe cha m'ma 1900 anapeza njira yousakanizira ndi simenti. M'fakitale amasungunula simenti ndi tiulusi tija m'madzi ambiri. Magudumu a sefa amazungulira m'phala lamadzimadzilo n'kumatola kagawo kopyapyala, kagawoko n'kumakulungidwa pachigudumu china mosanjikiza mpaka kufika pakukhuthala kofunika. Kenako amadula lata, n'kupinda mizere lisanaume, n'kuliyanika. Palata lililonse lotere, asibesitosi amakhala gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kugwira simentiyo kuti isathetheke. Njira yomweyi inkapanga mapaipi a madzi, matanki, migula ya madzi a mvula ndi masiling'i.

Tisanamizane, malatawa anali ndi ubwino wake. Sachita dzimbiri ngakhale kunyanja ya mchere, mvula ikamagwa sasokosa, ndipo mu Okutobala nyumba yake siwotcha ngati ya malata achitsulo. Anali otsika mtengo. N'chifukwa chake maboma ndi makampani anafolera nawo masukulu, zipatala, nyumba za apolisi, za njanji ndi za m'makomboni. Ku Zimbabwe ankapangidwa ndi kampani ya Turnall, ku Zambia fakitale ya TAP ku Chilanga, ndipo ku Mozambique anthu amangowatchula kuti lusalite, potengera kampani yomwe inkawapanga. Kuno kwathu amene anaphunzira pasukulu zakale za boma kapena za mishoni sangalephere kukumbukira denga lotuwa, lokhuthala, lomera ndere.

Mtengo wotsikawo unkalipiridwa kumigodi. Ku Northern Cape, amayi ankakhala pansi ndi nyundo n'kumaswa miyala kuti alekanitse ulusi, ana ali kumsana kapena akukwawa pambali pawo. Mu 1949 dokotala wa boma, Gerrit Schepers, atapita ku Penge anapeza ana ali m'kati mwa matumba akuluakulu akupondaponda asibesitosi kuti alowe wambiri, fumbi likuwakhuthukira pamutu. M'zigayo za pamgodi ankagaya miyalayo youma, ndipo fumbi linkatera pazovala, pachakudya ndi pamadenga a m'komboni. Anthu ankatenga zotayidwa za kumgodi kukakulungizira nyumba ndi kukonzera misewu ndi mabwalo a masukulu.

Ambiri mwa anthu amene ankagwira ntchito m'migodi ya kum'mwera sanali eni dera. Anali ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena olembedwa ndi mabungwe otenga anthu aganyu, ena oyenda okha wapansi. Mpaka lero m'matauni a migodi ku Zimbabwe muli mabanja olankhula Chichewa, zidzukulu za machona. Nanga aja amene anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi sutukesi ya malata? Matenda a fumbili sayamba munthu akadali pantchito. Amatulukira patadutsa zaka 20, 30, ngakhale 40, mwini wake ali kale kumunda kwawo ku Dedza kapena ku Mzimba, kutali ndi buku la kampani. Akayamba kutsokomola ndi kuonda, aliyense amaganiza za TB, monga momwe madokotala a ku Kimberley ankaganizira poyamba paja.

Zimene zimachitika m'chifuwa n'zosavuta kumva. Fumbi wamba tikalipuma, mphuno ndi makhololo zimalikola n'kulitulutsa. Tiulusi ta asibesitosi n'tating'ono kwambiri moti sitioneka ndi maso, tilibe fungo, sitiyabwa pakhosi, ndipo timalowa mpaka kumathero a mapapo. Asilikali a m'thupi amayesa kutimeza koma amalephera chifukwa n'tatitali ndiponso n'tolimba. Pamalo pomwe kaulusi kabaya pamakhala potupa kwa zaka, kenako pamasanduka chipsera. Zipserazo zikachuluka mapapo amauma, satha kufutukuka, munthu n'kumachita phuma pokwera kachitunda, pambuyo pake ngakhale povala malaya. Amenewa ndi matenda a asbestosis, ndipo alibe mankhwala ochiritsa. Fumbi lomweli limayambitsanso khansa ya m'mapapo, ya kholingo ndi ya mazira a amayi. Wosuta fodya amene anapumanso asibesitosi ndiye ali pangozi yowirikiza kangapo. Mesothelioma ndiyo yankhanza kuposa onsewa, chifukwa sifuna fumbi lambiri kuti iyambe, ndipo odwala ambiri satha chaka chimodzi kapena ziwiri chiipezereni. Amayi ena anaitenga pongokutumula ndi kuchapa maovolosi a amuna awo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma asibesitosi pantchito.

Chimene chimandipweteka pankhaniyi n'chakuti eni migodi ankadziwa. Mu 1924, mayi wina wa ku Rochdale ku England, Nellie Kershaw, yemwe ankapota ulusi wa asibesitosi m'fakitale ya Turner Brothers, anamwalira ali ndi zaka 33, ndipo dokotala amene anapima mtembo wake anapeza mapapo ali zipsera zokhazokha. Pofika 1931, Britain inali itakhazikitsa malamulo ochepetsa fumbi m'mafakitale ake. Kampani ya Turner & Newall, mwini wake wa fakitale ya ku Rochdale ija, ndi yomwenso inali ndi migodi ya Shabanie ndi Havelock. Nzeru zinalipo, koma chitetezo sichinawoloke nyanja mwachangu ngati mmene phindu linkawolokera.

Chilungamo chinabwera mochedwa ndiponso moperewera. Anthu pafupifupi 7,500 a ku South Africa anasumira kampani ya Cape plc, yomwe inali ndi migodi ya asibesitosi m'dziko lawo, kukhoti la ku London. Kampaniyo inalimbana kuti mlandu usazengedwe kumeneko, koma mu 2000 khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti uzengedwe. Mu 2003 anagwirizana chipukutamisozi cha mapaundi 7.5 miliyoni, zomwe ukagawa zimabwera pafupifupi mapaundi 1,000 pamunthu, ndipo mazana a odandaulawo anali atamwalira mlandu uli m'kati. Chaka chomwecho kampani ina ya migodi, Gencor, inavomera kuika ndalama zoposa 400 miliyoni za ku South Africa, ndipo zambiri mwa izo zinakhazikitsa thumba la Asbestos Relief Trust. Kuti munthu alandire, amafunika umboni wa komwe ankagwira ntchito ndi wa matenda ake. Bambo amene chiphaso chake cha kumgodi chinadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo anaikidwa m'manda ndi khadi la TB, sawerengedwa paliponse.

Lero mayiko oposa 60 analetsa asibesitosi. Britain inatsiriza kuletsa mu 1999, mayiko a European Union mu 2005, South Africa mu 2008, Mozambique mu 2010, Canada mu 2018. Ku Canada komweko, tauni ina ya ku Quebec yomwe dzina lake linali Asbestos inavota mu 2020 kuti izitchedwa Val-des-Sources. Komabe Russia, Kazakhstan ndi China akukumbabe, ndipo India akugulabe wambiri wopangira malata. Zimbabwe yakhala ikuima pamodzi ndi ena mwa mayiko amenewa pokana kuti asibesitosi woyera aikidwe pamndandanda wa mankhwala oopsa pansi pa pangano la Rotterdam. Mfundo yawo ndi yakuti woyerayo ulusi wake ndi wopotana, umatuluka m'mapapo msanga kusiyana ndi wabuluu, choncho ukasamala palibe vuto.

Mbali ina ya mfundoyi ndi yoona: wabuluu ndi wabulauni amayambitsa mesothelioma kwambiri kuposa woyera. Koma bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mitundu yonse m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo palibe amene anapeza mlingo wa fumbi woti n'kunena kuti wochepera apa ndi wosavulaza. Kusamala kumene amanenako kungatheke m'fakitale yokhala ndi makina oyamwa fumbi. Lata likatuluka pachipata cha fakitale limakakumana ndi mmisiri wa sowo yamanja, wopanda chophimba kumphuno. Ndimawamvetsa anthu a ku Zvishavane ndi Mashava amene amalakalaka migodi yawo itatsekulidwanso. Boma litailanda kwa mwini wake, Mutumwa Mawere, mu 2004, ntchito inalowa pansi mpaka kuima, anthu zikwizikwi anatsala ndi malipiro osalandira, ndipo njala ya lero imamveka kwambiri kuposa chifuwa cha zaka 30 zikubwerazo. Koma kuwamvetsa sikusintha zimene kaulusi kaja kamachita m'mapapo.

Kwa ife amene tilibe migodi yotere, ngozi ili pamadenga ndi m'mapaipi akale. Lata la asibesitosi lomwe lili lathunthu, losasweka, losakhudzidwa, limatulutsa fumbi lochepa kwambiri chifukwa simenti yagwira ulusiwo. Palibe chifukwa chothawira m'nyumba usiku, kapena chokwerera padenga mawa ndi hamala. Ngakhale za madzi, WHO imati palibe umboni wokhazikika woti kumwa madzi odutsa m'mapaipi otere kumadwalitsa. Khomo la matendawa ndi mphuno. Vuto limayamba lata likakalamba n'kumafumbutuka, likathyoka, kapena wina akalidula, kuliboola, kulipala ndi bulashi yawaya pofuna kupenta, kapena kuliponya pansi kuchokera padenga. Malata ambiri amene anakhomedwa m'ma 1960 ndi 1970 afika pamsinkhu umenewo tsopano, ndipo masukulu ndi zipatala zikukonzedwa. Namondwe nayenso amachita zake: Idai atagwetsa nyumba ku Beira mu 2019, zidutswa za lusalite zinali mbwee m'misewu, ndipo zinafunika anthu ophunzitsidwa mwapadera kuti azichotse.

Amene ali patsogolo pangoziyi ndi akalipentala, omanga nyumba, okonza mapaipi ndi anyamata aganyu amene amapatsidwa ntchito yosasula denga. Wopereka ntchitoyo ndiye ayenera kuonetsetsa kuti malata anyowetsedwa ndi madzi asanakhudzidwe, kuti akumasulidwa pamisomali n'kutsitsidwa athunthu, ndiponso kuti makina odulira kapena opalira sakuyandikira. Kansalu kapamphuno kapena masiki a kuchipatala sathandiza. Pamafunika chophimba chothina bwino cha mtundu wa FFP3 kapena P3. Ana ndi anthu ena atalikire. Zinyenyeswazi asasese zouma, azitole zonyowa, ndipo zovala za pantchitoyo zisapite kunyumba kukachapidwa pamodzi ndi matewera. Malata ochotsedwawo akulungidwe m'pulasitiki yokhuthala n'kukakwiriridwa pamalo pomwe khonsolo kapena a zachilengedwe aloleza. Apa ndiye timalakwa kwambiri, chifukwa sitikonda kutaya chinthu. Lata lakale limapita kukhola la nkhuku, kubafa, kumpanda wa dimba, ndipo zidutswa zimathiridwa pamsewu wamatope kuti magalimoto azizipera. Kugulitsa kapena kupatsa mnzako malata otere ndi kumupatsa fumbi lomwe iwe walithawa.

Pogula atsopano, funsani. Malata a simenti opanda asibesitosi alipo, olimbitsidwa ndi ulusi wa mitengo ndi wa pulasitiki, ndipo pamaso amafanana ndi akale aja, choncho chizindikiro cha fakitale ndicho chingakuuzeni.

Aliyense amene anagwirapo ntchito kumigodi ya asibesitosi, m'fakitale ya malata, kapena yosasula madenga akale, asiye fodya, ndipo akayamba phuma, kupweteka m'nthiti kapena chifuwa chosatha, auze dokotala za ntchitoyo ngakhale anaisiya zaka 40 zapitazo. Makhololo akapimidwa n'kusapezeka TB, kapena mankhwala akamwedwa miyezi osasintha kanthu, apemphe kujambulidwa pachifuwa. Nawonso achipatala awonjezere funso limodzi kwa wodwala wachikulire amene wabwera ndi madzi pachifuwa: “Bambo, pa unyamata wanu munkagwira ntchito yanji, ndipo kuti?”