Woimba akayankhula zandale, kodi ayenera kuchotsedwa ntchito?

Pa 9 Marichi 2023 kunamwalira Edson da Luz, woimba amene Moçambique yense ankamudziwa ndi dzina loti Azagaia. Anali ndi zaka 38. Pa 18 mwezi womwewo achinyamata ku Maputo ndi m'mizinda ina anatuluka mumsewu kuti amukumbukire, koma apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Kuyambira nthawi imeneyo funso lakale ladzukanso, ndipo limafika mpaka m'mabaraka a ku Moatize ndi pamsika wa Zóbuè: woimba kapena wochita zisudzo akanena mawu owawa pa zandale, kodi n'koyenera kuti amutsekere ntchito?

Mbiri ya Azagaia ndi poyambira pabwino. Pa 5 Febuluwale 2008 anthu ku Maputo anachita zipolowe pokwiya ndi kukwera kwa mtengo wa chapa. Pasanapite nthawi iye anatulutsa nyimbo yotchedwa Povo no Poder, kutanthauza kuti mphamvu zikhale m'manja mwa anthu. Chaka chomwecho a Procuradoria, ofesi yozenga milandu m'dzina la boma, anamuitana kukamufunsa ngati nyimboyo sinali yolimbikitsa chiwawa. Sanapite kundende pa nkhaniyi. Chilango chake chinabwera mwakachetechete: atolankhani ambiri alemba kuti nyimbo zake zotsutsa sizinkapatsidwa mpata pa wailesi ndi pa kanema za boma. Komabe patapita zaka 16, pa zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, dzina la nyimbo ija ndi limene linali pakamwa pa anthu mumsewu, mwini wake ali m'manda.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 2004, amanena mosabisa pa ndime 48 kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wonena maganizo ake, ndipo ufuluwo suyenera kuchepetsedwa ndi kupimidwa kwa mawu asanatuluke. Ndime yomweyo imatinso ufuluwo uyendere limodzi ndi kulemekeza ulemu wa munthu. N'chifukwa chake buku la milandu, Código Penal, limalanga woipitsa mbiri ya mnzake ndi bodza komanso wouza anthu poyera kuti akapalamule. Kudzudzula mtsogoleri si mlandu paokha. Mu Seputembala 2015 khoti la ku Maputo linamasula katswiri wa zachuma a Carlos Nuno Castel-Branco, amene ankaimbidwa mlandu chifukwa cha kalata yowawa imene analembera Pulezidenti Armando Guebuza pa Facebook.

Vuto n'lakuti woimba kawirikawiri salandidwa ntchito kukhoti. Amalandidwa ndi lamya. Wina wamkulu amaimbira mwini malo, mwini malo n'kuuza woimba kuti phwando lasinthidwa tsiku, ndipo tsikulo silifikanso. Palibe kalata, palibe chifukwa cholembedwa, motero palibenso kokadandaula. Apa mpamene pafunika kusiyanitsa manja amene akutseka chitseko, chifukwa si onse ali ndi ufulu wofanana.

Womvera ali ndi ufulu wonse. Mlimi wa ku Kambulatsitsi amene wanyansidwa ndi zimene woimba wanena sakakamizidwa kulipira pakhomo, ndipo banja limene likukonza ukwati lingaitane gulu lina. Ndalama ndi zawo. Izi zimaluma mbali zonse: woimba amene wavina pamsonkhano wa chipani cholamula akhoza kusalidwa ndi achinyamata monga momwe wotsutsa angasalidwire ndi akuluakulu. Kampani imene imalipira woimba kuti alengeze katundu wake nayo ingasankhe kusapitiriza naye, bola ilemekeze pangano limene linalipo ndi kulipira ntchito yogwiridwa kale.

Dzanja la boma ndi nkhani ina. Bwalo la masewero, holo ya boma, chilolezo cha msonkhano ndi wailesi ya anthu onse zimayendera misonkho ya aliyense, wovotera chipani ichi kapena icho. Wogwira ntchito m'boma akamana woimba zinthu zimenezi chifukwa chongoti wadzudzula chipani, wagwiritsa ntchito katundu wa onse potetezera ochepa. Pamenepa yankho la funso lija ndi ayi.

Anthu a m'malire amadziwa nkhani zotere kuchokera tsidya linalo, pakuti wailesi za ku Malawi zimamveka bwino kuno. Evison Matafale, woyambitsa gulu la Black Missionaries la ku Chileka, anamangidwa mu Novembala 2001 pomuganizira kuti analemba makalata onyoza boma la a Bakili Muluzi, ndipo anafera m'manja mwa apolisi pa 27 mwezi womwewo. Nyimbo za malemu a Lucius Banda a ku Balaka zinatsekeredwa kunja pa wailesi ya MBC m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika, koma anthu sanasiye kuzigula ndi kuziliza m'maminibasi. Boma litasintha mu 2020, a Banda omwewo anadzakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi zaluso. Ku Zambia, Pilato, dzina lake lenileni Fumba Chama, anamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo yoseka Pulezidenti Edgar Lungu, anathawira ku South Africa kumayambiriro kwa 2018, ndipo mu 2023 boma la a Hakainde Hichilema linamupatsa udindo wa mlembi wamkulu mu unduna woona zaluso. Amene dzulo ankatchedwa wosokoneza, mawa lake anakhala pa ofesi. Mawu ake sanasinthe, anasintha ndi wokhala pampando.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene anthu a kuno sangainyalanyaze. M'boma la Moatize ndale zinakhetsapo mwazi posachedwa. Mu 2015 ndi 2016, nkhondo ya asilikali a boma ndi a Renamo itabuka cha ku Nkondezi, anthu masauzande anasiya minda ndi nkhokwe zawo n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kudzasamutsidwira ku Luwani. Amene anagona m'matenti nthawi imeneyo amadziwa kuti mawu olankhulidwa pa chimkuzamawu, pamaso pa khamu loti lamwa, sali ngati olankhulidwa pakhonde. Woimba akatchula munthu ndi dzina n'kuuza anthu kuti akamutenthere nyumba, kapena akanena kuti a mtundu wakuti kapena a chipani chakuti asagulitsenso pamsika, wachoka pa kudzudzula. Mwini malo amene wazimitsa zoimbira pamenepo sanaphwanye ufulu wa wina. Muyeso wake suvuta kwenikweni: kodi mawuwo akufunsa wolamula za ntchito yake, kapena akuloza chala munthu woti apwetekedwe? Kuimba za fumbi la malasha, za mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme kuti mgodi ukule, za maenje a mu msewu wa EN7 kapena za mtengo wa feteleza ndi kufunsa wolamula, ngakhale mawu atakhala okhadzula chotani.

Chimene chimalemetsa chilangochi kuno ndi kuchepa kwa olemba ntchito. Woimba wotchuka wa ku Maputo akatsekeredwa khomo limodzi ali ndi intaneti, ali ndi maulendo a kunja. Mnyamata wa gitala wa pa Zóbuè amadya za maukwati, za masiku a msika, za zikondwerero za boma, za kampeni, mwinanso za sewero la bungwe lophunzitsa za umoyo. Oitana anthu ku zochitika zimenezi ndi owerengeka, ndipo amadziwana. Mmodzi akangoti uyu ndi wovuta, makomo onse amatsekeka sabata yomweyo. Zotsatira zake n'zakuti oimba ambiri amadziluma lilime asanaletsedwe n'komwe, ndipo nkhani za mitengo ya fodya kapena za malo olima zimasowa woziimba.

Sagwa yekhanso. Phwando likalephereka, woimba ng'oma, wovina, mwini jenereta, mwini zokuzira mawu ndi amayi amene anakazinga nkhuku zoti agulitse pakhomo onse amabwerera chimanjamanja, ngakhale iwo sananene kanthu. Chitetezo chimene gulu laling'ono lingakhale nacho ndi pepala: pangano lolembedwa lotchula tsiku, mtengo, chikole cholipiriratu, ndi amene adzalipire ngati phwando laimitsidwa. Popanda pepalalo, woitana akabweza mawu madzulo a tsiku lomwelo, ndalama ya galimoto yonyamula zoimbira kuchokera ku Moatize imatuluka m'thumba la woimba.