Kukonza ndi kusintha si chinthu chimodzi

Malemu bambo anandisiyira wailesi ya Marantz 2270, yopangidwa m'zaka za m'ma 1970, ya mphamvu ya mawati 70 mbali iliyonse. Itayamba kulira ngati njuchi, ndinapita nayo kwa katswiri wina ku Limbe.

Ataitsegula, anandiuza kuti ma capacitor anauma chifukwa chokhalitsa, ndipo zinali zoona. Kenaka anati: "Achimwene, bwanji ndisinthiretu ma transistor ndi mawaya? Imveka kuposa yatsopano." Ndinavomera osafunsa zambiri.

Patatha milungu itatu ndinakaitenga. Phokoso lija linatheratu, mawu akumveka akuthwa ndi oyera. Koma nditaika mbale ya Jim Reeves yomwe bambo ankaikonda madzulo, kufewa kuja kunalibe. Inali wailesi yabwino, koma sinalinso ya bambo. Nditabwerera kukapempha zipangizo zakale zija, ndinapeza anazitaya kalekale.

Sindimuda munthuyo, ntchito yake inali yaukhondo. Ndine amene sindinasiyanitse kuchotsa chowonongeka ndi kusintha cholimba.

Anzanga okonda nyimbo, musanasiye chipangizo chodula kwa mmisiri, mulemberane zomwe achotse, ayambe ndi chowonongeka chokha, mumvere kaye, ndipo chilichonse chomwe wazula akubwezereni m'manja.