Galimoto ya pa miyala

Galimoto ya pa miyala ndi galimoto yomwe inayamba kukonzedwa koma ntchitoyo inaima isanathe. Dzinali limachokera ku chizolowezi chochotsa matayala n'kukhazika galimotoyo pa miyala, pa njerwa kapena pa zitsa. Galimoto zotere zimapezeka m'magalaja ndi m'makomo m'madera ambiri a Malawi, kuphatikizapo ku Bangula m'boma la Nsanje ndi malo ena amalonda a m'chigwa cha Shire monga Ngabu ndi Nchalo. Mwini wake amayenera kusankha pakati pa kuisunga mpaka adzamalize kuikonza, ndi kuigulitsa momwe ilirimo. Chomwe chimathandiza posankha ndi ndalama zomwe zikufunikabe, mtengo wa galimotoyo ikadzayamba kuyenda, ndi kuwonongeka komwe kumachitika pamene yaima.

Zifukwa zomwe ntchito imaimira

Galimoto zambiri za m'Malawi zimabwera zitagwira kale ntchito kunja, makamaka ku Japan. Zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania n'kulowa m'dziko kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Zina mwa zodziwika ndi Toyota Sienta, Probox, Corolla, Hiace ndi Nissan Vanette. Masipeya ake nawonso amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu yemwe anamasula injini asanagule zonse zofunika anapeza kuti ndalama yomwe anasunga sikukwananso.

Chifukwa china ndi mtunda. Bangula ali pa msewu wa M1, makilomita oposa 100 kuchokera ku Blantyre. Njanji yochokera ku Limbe inaduka mu 1997 madzi atakokolola chigawo chake pafupi ndi Chiromo, ndipo katundu amadalira msewu wodutsa ku Chikwawa. Masipeya akuluakulu, monga injini ndi giyabokosi, kawirikawiri amakafunidwa ku Limbe kapena ku Ndirande. Sipeya ikapezeka kuti ndi yosagwirizana ndi galimotoyo, pamafunika ulendo wina ndi ndalama ina ya thiransipoti.

Palinso zifukwa za pakhomo. Ndalama za anthu ambiri a m'derali zimabwera pa nyengo, akagulitsa thonje, mpunga, ng'ombe kapena mbuzi. Kukagwa matenda, maliro, njala kapena kufunika kwa fizi, ndalama yokonzera galimoto ndi yomwe imayamba kutengedwa. Nthawi zinanso makaniko akatsegula injini amapeza vuto lalikulu kuposa lomwe ankaganizira poyamba.

Zomwe zimawonongeka galimoto ikaima

Galimoto imawonongeka ngakhale isakuyenda. Batire limatha moto lokha pang'onopang'ono, ndipo likakhala miyezi yambiri lopanda moto limalephera kusunganso mphamvu. Oilo amatsikira pansi pa injini n'kusiya zitsulo za pamwamba zouma. Ngati injini inasiyidwa yotsegula, chinyezi ndi fumbi zimalowa m'masilinda ndipo mapisitoni amagwirana ndi dzimbiri. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, zomwe zimachititsa dzimbiri m'kati mwa mapaipi. Makoswe amamanga zisa m'mipando ndi kutafuna mawaya.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Ina mwa ethanol imeneyi imapangidwa ndi kampani ya PressCane m'boma la Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol imakoka madzi, kotero petulo wokhalitsa m'thanki amawonongeka ndipo amatha kuyambitsa dzimbiri ndi kutseka pampu ya mafuta.

Matayala amakalamba ngakhale asanagunde msewu. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Mwachitsanzo, 2319 amatanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala omwe anagulidwa kumayambiriro kwa ntchito amatha kung'aluka galimoto isanadzuke.

Vuto lina ndi kusowa kwa zipangizo. Galimoto yokhalitsa pa galaja imayamba kubwerekedwa mabawuti, magalasi, sitata kapena alitaneta kuti zikaikidwe pa galimoto zina, ndipo si zonse zomwe zimabwezedwa.

Kutentha ndi madzi osefukira

Chigwa cha Shire ndi limodzi mwa madera otentha kwambiri m'Malawi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Dzuwa lotere limaumitsa mapaipi a labala, malamba a injini ndi dashibodi, limasuwitsa penti, komanso limafulumizitsa kufa kwa batire.

Bangula ali pafupi ndi pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo maboma a Nsanje ndi Chikwawa amavutika ndi madzi osefukira kawirikawiri. Izi zinachitika mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, komanso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Galimoto yoyenda imatha kuthawitsidwa kupita kumtunda, pamene yopanda matayala imatsala pomwe ili. Matope akalowa mu injini, mu giyabokosi ndi m'kompyuta ya galimoto, mtengo wokonzera umakwera kwambiri. Injini yomwe yalowa madzi siyenera kulizidwa, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya ndipo amapinda zitsulo zokankha mapisitoni. Pa chifukwa ichi, dzinja lililonse lomwe galimoto yaima pa malo otsika limaika pa chiswe chuma chonse chomwe chili m'galimotomo.

Kawerengedwe ka ndalama

Eni ake ambiri amakana kugulitsa ponena kuti analowetsamo kale ndalama zambiri. Akatswiri a zachuma amatcha ndalama zotere sunk cost pa Chingerezi, kutanthauza ndalama zomwe zinapita ndipo sizingabwerere, kaya munthu asunge kaya agulitse. Chitsanzo chotchuka ndi ndege ya Concorde, yomwe maboma a Britain ndi France anapitiriza kuthiramo ndalama ngakhale zinali zitaoneka kuti sizidzabwerera. Ndegeyi inayamba kunyamula anthu mu 1976 ndipo inasiya kuuluka mu 2003.

Powerengera moyenera pamafunika manambala atatu. Yoyamba ndi mtengo womwe galimotoyo ingagulidwe lero. Yachiwiri ndi ndalama zonse zomalizira ntchito, kuphatikizapo masipeya, malipiro a makaniko, maulendo, batire, matayala ndi mapepala. Yachitatu ndi mtengo wa galimoto ya mtundu womwewo yoyenda bwino.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Munthu analowetsa kale K3 miliyoni pa galimoto yake. Wogula wina akufuna kupereka K2.5 miliyoni lero. Makaniko akuti pakufunika K2 miliyoni kuti idzuke, ndipo yoyenda ingagulidwe K5 miliyoni. Akamaliza ntchito n'kugulitsa, atsala ndi K3 miliyoni atachotsa zomalizira, zomwe zikuposa kugulitsa lero ndi K500,000 yokha. Masipeya akakwera mtengo, kapena vuto lina likatulukira, phindu laling'onolo limatha. K3 miliyoni yoyambirira ija sikulowa m'masamu amenewa chifukwa ndi yotayika mofanana pa njira zonse ziwiri.

Ngati ndalama zomalizira ndi za ngongole, kaya ya ku banki m'khonde kaya ya katapila, chiwongoladzanja chimawonjezedwa pa nambala yachiwiri. Pamaganiziridwanso zomwe ndalama yogulitsira ikanachita kwina, monga kugula ng'ombe, njinga yamoto ya kabaza kapena pampu yothirira mbewu ku dimba.

Njira zogulitsira

Njira yoyamba ndi kugulitsa galimoto yathunthu momwe iliri. Ogula ake nthawi zambiri amakhala amakaniko kapena anthu omwe ali ndi galimoto ya mtundu womwewo. Mtengo umakhala wotsika chifukwa wogula sangathe kuiyesa pa msewu. Malisiti a masipeya omwe anagulidwa, ndi kusonkhanitsa pamodzi zipangizo zonse zomwe zinamasulidwa, zimathandiza kukweza mtengo.

Njira yachiwiri ndi kuphwasula n'kumagulitsa chimodzichimodzi. Izi zimatha kubweretsa ndalama zochulukirapo, koma zimatenga nthawi. Injini, giyabokosi, magetsi ndi zitseko zimayenda msanga, pamene zina zimatsala osagulidwa. Galimoto ikangoyamba kuphwasulidwa sibwereranso pa msewu. M'chigwa cha Shire, momwe muli ng'ombe zambiri, ekiselo ndi mawilo amafunidwa ndi opanga ngolo. Osula zitsulo amagula masipuling'i a mapikapu popangira nkhwangwa ndi zikwanje, ndipo machubu amadulidwa kukhala malegeni.

Njira yomaliza ndi kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, omwe amalipira potengera kulemera. Iyi ndi ya mtengo wotsikitsitsa, ndipo ndi komwe imathera galimoto yomwe yasungidwa zaka zambiri pa mvula ndi pa dzuwa.

Mapepala ndi malamulo

Kalembera wa galimoto m'Malawi amayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe imagwiritsa ntchito njira ya pakompyuta ya MalTIS. Umwini umaoneka pa chikalata chomwe anthu amachitcha Blue Book. Pogulitsa, dzina la mwini liyenera kusinthidwa ku ofesiyi, apo ayi wogulitsa amaonekabe ngati mwini wake. Wogula amafananiza nambala ya chasesi ndi ya injini ndi zomwe zalembedwa pa chikalatacho. Galimoto isanabwerere pa msewu imafunika inshuwalansi ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ili bwino.

Galimoto yomwe inalowa m'dziko mosalipira msonkho sigulitsidwa popanda chilolezo cha Malawi Revenue Authority. Ngati mwini wake anamwalira, galimotoyo ndi gawo la chuma cha masiye, chomwe chimagawidwa motsatira lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011. Wachibale mmodzi sangaigulitse payekha asanapatsidwe mphamvu zoyendetsera chumacho.

Pamene kusunga kuli koyenera

Kusunga kumakhala ndi nzeru ngati vuto ladziwika bwino, masipeya ake amapezeka, ndalama yomalizira ikuyembekezeka pa nthawi yodziwika, ndipo bodi ndi chasesi zilibe dzimbiri lalikulu. Kumakhalanso koyenera ngati galimotoyo ili ndi ntchito yoidikira, monga pikapu yonyamula katundu wa pa msika. Ena amasunga chifukwa ndi chikumbutso cha kholo lawo. Chifukwa chimenechi ndi chomveka, koma chimakhala ndi mtengo wake womwe banja liyenera kugwirizana.

Wosunga amachotsa batire ndi kukhuthula petulo, amatseka mabowo onse a injini, amathira oilo pang'ono m'masilinda, ndipo amaika galimotoyo pa mthunzi ndi pa malo okwera omwe madzi safika. Zipangizo zomasulidwa zimalembedwa ndi kusungidwa m'nyumba. Amaikanso malire a nthawi ndi a ndalama. Ku Bangula malire oyenera ndi kuyamba kwa mvula, cha mu Novembala kapena Disembala: ngati galimoto sinadzuke pofika nthawiyo, manambala atatu aja amawerengedwanso, chifukwa mtengo wake udzakhala utatsika dzinja likamatha.