TCHENI CHIKATHA, SINTHANI ZITATU PAMODZI

Njinga yamoto, imene ambirife timangoti mota, yasanduka bulu wa masiku ano m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga. Ndiyo imatula matumba a mbatatesi pa msika wa Ulongué, ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku, ndipo anyamata ambiri akudyetsa mabanja awo ponyamula anthu. Koma mphamvu yonse ya injini imafika ku gudumu lakumbuyo kudzera m'chinthu chimodzi chimene eni ake ambiri amachikumbukira tsiku limene chaduka. Chinthucho ndi tcheni.

Tcheni chikaguluka kapena kuduka njinga ili pa liwiro, chimatha kukulungana pa gudumu ndi kulimanga. Gudumu likaima mwadzidzidzi, woyendetsa ndi wokwera onse amapezeka ali pansi. Nthawi zina chimamenya injini ndi kuiboola, ndipo ndalama zokonzera zimaposa kutali mtengo wa tcheni chatsopano.

Kodi tcheni chimatha bwanji?

Anthu amati tcheni chatamuka ngati mphira, koma chitsulo sichitamuka motero. Chimene chimachitika nchakuti fumbi ndi mchenga zimalowa m'mfundo zake ndi kumapala mapini pang'onopang'ono. Mfundo iliyonse ikakhwepa pang'ono, tcheni chonse chimatalika. Chikatero sichikhalanso bwino pa mano a masipuloketi, magudumu awiri a mano aja amene m'masitolo a zipangizo amati pinhão ndi cremalheira. Chimakwera pamwamba pa mano ndi kuwadya, mpaka amasongoka ndi kupindika ngati minga ya kankhande.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama poganiza kuti akusunga. Amagula tcheni chokha ndi kuchiika pa mano akutha, ndipo manowo amachiwononga msanga. Ena amadula mfundo ziwiri kuti chakalecho chifupike, koma mapini ake amakhala ali odyeka chidyekere. Tcheni, sipuloketi yakutsogolo ndi yakumbuyo zimakalamba pamodzi, choncho zisinthidwenso pamodzi.

Mudziwa bwanji kuti chatha?

Gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu ndi kuchikoka. Chikanyamuka mpaka theka la dzino kuoneka, chatha. Zungulizaninso gudumu ndi dzanja. Ngati pena chikukungika pena chikukhwepa, kapena pali mfundo zouma zosapindika, musachedwe nacho.

Amene ali ndi rula angathe kuyeza. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimayendera tcheni cha nambala 420 kapena 428. Pa zonse ziwirizi, kuchoka pa pini imodzi kufika pa inzake pali mamilimita 12.7. Mukachikunga ndi kuwerenga mapini 21, chatsopano chimakwana mamilimita 254. Chikafika pa 259, ntchito yake yatha. Pogula onani nambala yolembedwa pa mfundo za chakalecho, muwerenge mfundo zake ndi mano a masipuloketi onse awiri, chifukwa 420 ndi 428 zimasiyana m'lifupi.

Kusintha panokha

Zida zake ndi masipanala, pulayala, nsanza ndi malo osalala. Zimitsani injini ndi kuchotsa kiyi.

Yambani ndi kutsegula chivundikiro cha sipuloketi yakutsogolo. Masulani pang'ono mabauti ake tcheni chakale chikadalipo, njinga ili m'giya, mnzanu ataponda buleki. Mukayamba mwachotsa tcheni, sipuloketiyo idzangozungulira. Chitaninso chimodzimodzi ndi manati a sipuloketi yakumbuyo ngati mukuwafikira.

Kenaka imikani njinga pa sitandi yapakati. Funani mfundo yolumikizira, imene ili ndi kachitsulo kotsekera kooneka ngati chilembo cha U. Kankhani kachitsuloko ndi pulayala, tcheni chilekane. Masulani ndodo ya buleki ndi nati yaikulu ya gudumu, ndipo pochotsa gudumu yalani tizitsulo tonse pa nsanza m'ndondomeko imene tachokera. Onaninso mphira zimene zili m'kati mwa gudumu kuseri kwa sipuloketi. Zikaphwanyika, njinga imagwedeza ponyamuka ndipo tcheni chimavutika.

Mangani masipuloketi atsopano, manati muwalimbitse modumphitsa, ili kenaka la tsidya lake, ndipo ngati pali timalata totsekera mutipindire pa manatiwo. Bwezerani gudumu, mulikankhire kutsogolo, ndi kukoleka tcheni kuti nsonga zake zikumane pa sipuloketi yakumbuyo, pamene mano adzakugwirirani polumikiza.

Tsono mverani ichi, pakuti ambiri amaphonya pomwepa. Kachitsulo kotsekera kaja, mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chikulowera, yotseguka itsalire m'mbuyo. Mukakatembenuza, kakakola udzu kapena mwala kamafwamphuka, tcheni ndi kulekana muli pa ulendo.

Kukunga koyenera

Kanikizani tcheni ndi chala pakati pa masipuloketi awiri, mbali yam'munsi. Pa njinga zambiri chiyenera kusewera masentimita 2 mpaka 3, koma njinga zazitali zoyenda m'tchire zimafuna ochulukirapo. Buku la njinga yanu kapena kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kamanena muyeso wake. Yezani pamalo pamene chakungika kwambiri, ndipo muonenso munthu atakhalapo, chifukwa katundu akalemera tcheni chimakungika. Chothina kwambiri chimawononga mabering'i a magiya ndi a gudumu. Chokhwepa chimaguluka pa mabampu.

Mbali zonse ziwiri za gudumu kuli timizere. Zokungira zonse ziwiri ziime pa mzere wofanana, apo ayi gudumu limapotoka ndipo mano amadyeka mbali imodzi. Limbitsani nati yaikulu, bwezerani pini yake ngati ilipo, ndipo musakwere musanayese buleki yakumbuyo, popeza gudumu likasuntha buleki nayo imasintha. Tcheni chatsopano chimakhwepako masiku oyamba, choncho muchionenso sabata isanathe.

Mafuta ndi ukhondo

Pa misewu yafumbi ngati ya ku Dómuè ndi Furancungo, musapitirire makilomita 500 osatsuka ndi kudzoza tcheni. M'dzinja, mukadutsa m'matope kapena kuwoloka mtsinje, chitani tsiku lomwelo. Tsukani ndi parafini, uja timati petróleo, ndi mswachi wakale. Petulo ayi: amayaka msanga, ndiponso amawononga timphira ta m'matcheni ena. Chikauma, dontheza oyilo wa magiya wa nambala 80 kapena 90 m'kati mwa tcheni uku mukuzunguliza gudumu ndi dzanja, kenaka pukutani wotsala. Girizi wambiri amakola mchenga ndi kusanduka chopalira. Oyilo wakuda wochotsa mu injini ali kale ndi zinyalala zachitsulo.

Musadzoze kapena kupukuta tcheni injini ikulira. Nsanza ikakodwa imakokera zala m'mano, ndipo chala sichiphuka ngati chinangwa. Chotchinga tcheni nacho musachitaye, chifukwa chimaletsa fumbi ndiponso chimateteza chitenje cha mayi wokwera kumbuyo.

Tsiku lodzoza tcheni likhalenso loona oyilo wa injini, mpweya wa m'matayala, mabuleki ndi sefa ya mpweya, imene imatsekeka msanga m'miyezi yafumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala. Ngati bauti yakana kapena simukutsimikiza polumikiza, pitani kwa makaniko muone mmene akuchitira, ulendo wina mudzachita nokha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Inu onyamula anthu, kumbukirani kuti amene wakwera kumbuyo kwanu sanayang'ane tchenicho, wangokhulupirira kuti inu mwachiona.