Fungo la Khofi Limathawira Kuti?

Ana inu, munayamba mwaimapo pafupi pamene munthu wamkulu akutsegula paketi yatsopano ya khofi? Fungo lake limadzaza nyumba yonse. Koma paketi yomweyo ikakhala yotsegula mwezi wathunthu, mukanunkhiza mumangomva kafungo kakutali. Khofi akadali momwemo, sanachepe n'komwe. Nanga fungo lija lapita kuti?

Tiyambire kumunda. Khofi ndi njere ya chipatso. Mtengo wake unachokera ku Ethiopia, ndipo amishoni a ku Scotland ndiwo anabweretsa mbande zake ku Blantyre m'chaka cha 1878. Lero amalimidwa m'malo okwera ndi ozizira monga ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, komanso ku Thyolo. Chipatso chikapsa chimafiira, ndipo m'kati mwake nthawi zambiri mumakhala njere ziwiri. Alimi amachotsa khungu, n'kutsuka njerezo, n'kuziyanika. Zikauma zimaoneka zotuwa mobiriwira, ndipo sizinunkhira khofi ayi. Zikaikidwa pouma bwino zimatha kukhala pafupifupi chaka osaonongeka.

Zinthu zimasintha pokazinga. Njere zija zimawauka pa moto wa madigiri pafupifupi 200, kuwirikiza kawiri kutentha kwa madzi owira. Zimafufuma, zimathetheka, zimadera, ndipo m'kati mwake mumabadwa timafungo tosiyanasiyana toposa 800. Timeneti tikasakanizana ndiye fungo lija amalikonda akuluakulu. Vuto lake n'lakuti timafungoti sitikhazikika. Njere ikangochoka pamoto, timayamba kuuluka pang'onopang'ono, ndipo tikapita sitibwereranso.

Ndiye pali mpweya womwe timapumawu. Muli okosijeni, amene amalowa m'njere n'kuononga mafuta ake, khofi n'kusukuluka. Apa taganizani za mtedza. Wosasenda umakhala m'thumba miyezi yambiri uli bwinobwino, koma amayi akausinja kukhala nsinjiro, sipatenga nthawi kuti uyambe kumveka kafungo kachilendo. N'chifukwa chiyani? Kusinja kumaphwanya njere imodzi kukhala tizidutswa tambirimbiri, ndipo kachidutswa kalikonse kamakhudzana ndi mpweya. Khofi nayenso ndi chimodzimodzi. Wanjere amasunga fungo milungu ingapo, pamene wogaya amayamba kusukuluka tsiku lomwelo. Odziwa khofi amagaya wongokwana kumwa nthawi imeneyo, wotsalayo amamusiya ali njere.

Mukadzaona paketi ya khofi wanjere m'sitolo, mudzaiyang'anitsitse. Mapaketi ena ali ndi kabatani kozungulira kokhala ndi kabowo. Si kuboola kwa mbewa ayi! Njere zongokazinga kumene zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide kwa masiku angapo, ndipo popanda potulukira paketi ikhoza kufufuma mpaka kuphulika. Kabataniko kamalola mpweya wa m'kati kutuluka koma wakunja sikaulola kulowa.

Kunyumba tilibe kabatani kotere, koma tili ndi botolo kapena chitini chotsekeka bwino. Chitsukidwe, chiume kotheratu, ndipo chisakhale chachikulu kwambiri, chifukwa malo otsala m'katimo amadzaza mpweya. Muchiike m'kabati mopanda kuwala, kutali ndi mbaula ndiponso kutali ndi pawindo pamene pamawomba dzuwa, pakuti kutentha kumafulumizitsa kuthawa kwa fungo.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti khofi amayamwa fungo la zinthu zimene wayandikana nazo. Mukamuika pamodzi ndi usipa, anyezi, sopo kapena parafini, agogo adzamva zomwezo m'kapu mwawo, ndipo simudzafuna kuona nkhope yawo m'mawa umenewo. Amayamwanso chinyontho, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo akanyowa kwambiri amachita chuku. Ngakhale khofi wosungunuka uja wa m'mabotolo amagwirana n'kulimba mukapisamo supuni yonyowa.

Nanga firiji? Ena amaganiza kuti ndiye malo abwino, koma ine ndikuti ayi. M'firiji muli mafungo a ndiwo, komanso botolo lozizira likatuluka panja limachita thukuta, ndipo madzi amenewo amafika pa njere. Ngati khofi ndi wochuluka kwambiri, ndi bwino kumugawa m'timapaketi totsekeka n'kuika m'chigawo choumitsa madzi chija, n'kumatulutsa kamodzikamodzi osakabwezeramonso. Koma njira yosavuta ndi kugula wochepa, wotha msanga.

Mungathe kudziyesera nokha. Pemphani amayi kapena abambo masupuni awiri a khofi wogaya. Supuni imodzi muthire pakambale n'kusiya poyera, ina muthire m'kabotolo kouma n'kutseka zolimba. Ikatha sabata, itanani mng'ono wanu kapena mnzanu, atsinzine, ndipo mumununkhizitse zonse ziwiri kuti anene yonunkhira kwambiri. Ntchito imeneyi ndi ya mphuno yokha. Khofi ali ndi caffeine amene amathawitsa tulo ndi kugunditsa mtima mofulumira, choncho kumwako asiyireni akuluakulu.